Baki ya Che Shafii Inkaopa Phiri

Ku Masiphumelele kuno, mukafunsa Mmalawi aliyense kuti Che Shafii ndi ati, sakuuzani za nkhope yawo. Akuuzani za galimoto. Ena anena kuti ndi aja a baki yoyera yotsokomola, ena anena kuti ndi aja a kagalimoto katsopano konunkha udzu, ndipo onsewo sananame. Ine ndine Lois, kwathu ndi ku Ntcheu, ndimachapa ndi kusita pa nyumba ina yogona alendo ku Noordhoek. Kanyumba kanga ka malata kanayang'anizana ndi ka Che Shafii, ndipo magalimoto awo onse awiri ndawakwera mpaka kudziwa pamene mpando unabooka. Zimene ndikambe pano, zina ndinaona ndi maso angawa, zina anandiuza eni ake madzi atatayika kale.

Kwawo ndi ku Namwera, m'boma la Mangochi. Anafika ku Cape Town ndevu zisanadzaze chibwano, nayamba monga amayambira amuna onse a kwathu: kuima pa mphambano m'mamawa, manja m'thumba, kudikira mzungu wofuna munthu wosesa masamba. Ndi munthu wofatsa mpaka kutopetsa. Mukawapatsa moni amayankha ngati akupepesa, ndipo ine sindinawamvepo akukalipira ngakhale galu. Mzungu wina woweta mahatchi ku Noordhoek anawakonda chifukwa cha kufatsa komweko. Anawaphunzitsa kuyendetsa galimoto pokataya manyowa, anawathandiza kuongola mapepala, chinthu chosowa pakati pathu, ndipo atagula pikapu ina anawagulitsa yakaleyo pa mtengo wachibale. Pikapu kuno timati baki.

Baki imeneyo inawalera Che Shafii, ndipo inatilera tonse. M'kati mwa sabata inkanyamula nthambi ndi udzu za m'mayadi a azungu kupita nazo kodzala. Loweruka inkasamutsa anthu, kapena kututa malata moto ukanyambita nyumba, pakuti kuno moto sumachedwa kubwera. Mbuzi za Idi zinkakwera momwemo, amayi a kwaya ya tchalitchi chathu momwemonso, ndi zikwama zikuluzikulu zopita ku mabasi a ku Malawi. Inkayenda modzitama ngati mkazi wa mfumu, yosafulumira, ndiye anyamata anaitcha Abiti Pirira. Che Shafii ankaisambitsa asanasambe okha. Akazi awo, a Zakiyya, ankati pa nyumbapo iwo ndi mkazi wachiwiri.

Kenako Abiti Pirira anayamba kumwa madzi. Poyamba ankathira botolo mwa apo ndi apo, kenako linakhala la tsiku ndi tsiku, ndipo m'mawa ikalira kumbuyo kunkatuluka utsi woyera ngati wa nkhuni zaziwisi. Anapita nayo kwa makaniko wina wachikulire ku Ocean View. Mkuluyo anatsegula pothirira oyilo, napeza oyilo atasanduka ngati tiyi wamkaka. Sanawabisire: mutu wa injini unali ndi mng'alu, madzi ankalowa kumene sayenera kulowa, ndipo kukonza kwake kunkafanana ndi kugula baki ina. Anawagulitsa kabotolo ka mankhwala othira mu redieta, omata mng'aluwo kwa kanthawi. Anawachenjeza kuti pa msewu wopanda zitunda iyenda miyezi ingapo, koma isadzakwere phiri itasenza katundu.

Kuchoka kwathu kupita ku Tokai ndi mbali ya tauni pali njira ziwiri. Yachidule ndi Ou Kaapse Weg, yokwera phiri mokhotakhota. Yaitali ndi ya m'mphepete mwa nyanja, yodzera ku Fish Hoek ndi Kalk Bay, kumene magalimoto amandondozana ngati akupita ku maliro. Kuyambira nthawi imeneyo Che Shafii anayamba kukonda nyanja. Ukawapempha akuperekeze ku Tokai, ankadzera ya kunyanja, nkumati mphepo yake imatsitsimula. Ine ndinkawaseka kuti munthu wa ku Mangochi madzi akuwasowa chiyani, iwo nkumangomwetulira. Sindinkadziwa kuti woopa phiri ndi galimoto.

Nkhani yogula ina inadya miyezi. Lachisanu akatuluka mu mzikiti, amuna anzawo ankakangana ngati ndalamazo ndi zawo. Ena ankati yogwirapo kale ntchito ndiye ya munthu wanzeru: umalipira kamodzi nkugona tulo, ikathyoka chitsulo umakatola china kwa ophwasula magalimoto, ndipo mnzako aliyense wa sipanala angaikonze pansi pa mtengo. Ena ankati yakale ndi chikomekome cha mkuyu, ukugula mavuto amene mwini wake wawathawa. A Zakiyya ankafuna yatsopano. Anali atatopa ndi kukankha, ndiponso msana wa amuna awo unali utayamba kukana nthambi. Ankati kagalimoto katsopano kangamanyamule anthu oitanitsa pa foni, ntchito ya malaya oyera. Che Shafii ankayankha kuti walira mvula walira matope: yatsopano banki imabwera mwezi ndi mwezi kaya wadwala kaya uli pa maliro, inshuwalansi nayo sigona, ndipo ikafuna kuthiridwa oyilo uyenera kupita nayo kumene unaigula, chipewa chili m'manja.

Masiku angapo a Loweruka anakayendera malo ogulitsa magalimoto akale ku Parow. Anabwerako mutu utaima. Anandiuza kuti iliyonse imene anaipeza injini itatsukidwa mbee inkawaopsa, ndipo wogulitsa akamwetulira iwo ankaganiza za kabotolo. Pa nthawiyo ndinangoti ndi mantha a munthu wofatsa. Lero ndikudziwa kuti amene wabisa kanthu m'redieta mwake amakayikira redieta iliyonse. Pomaliza anagonja, nasankha yatsopano, ndipo mzungu wa mahatchi uja anawaimira ku banki. Chinatsala ndi ndalama yoyambira, ndipo ndalamayo inali m'thupi la Abiti Pirira.

Anailengeza pa foni. Woyamba kubwera anali mkulu wina wa ku Delft, ndipo anabwera ndi makaniko wake. Makanikoyo anatsegula pothirira oyilo, nanunkhiza chala, naseka, onse nkukwera yawo nkumapita. Wachiwiri anachita chimodzimodzi. Che Shafii anakhetsa oyilo yense nathira watsopano, nagula kabotolo kena ka mankhwala, nkumadikira wachitatu.

Wachitatu anali Gregory. Mnyamata ameneyu ndi wa ku Thyolo, Mkhristu, koma atafika kuno wopanda mbale aliyense anagona pa mkeka wa Che Shafii mpaka anapeza pake. Kudulira mpanda wa maluwa anamuphunzitsa ndi iwo, ngakhale Chizungu chopempha madzi akumwa pa yadi. Atakhazikika anaitanitsa mkazi wake Estere, ndipo awiriwo anavala zilimbe kwa zaka, kulowa chipereganyu, kudya ndiwo za masamba, cholinga chili chimodzi: Gregory akhale ndi baki yake, aleke kuima pa mphambano. Atamva kwa anthu kuti Abiti Pirira akugulitsidwa, anakhumudwa kuti bwanji iye sanauzidwe. Anabwera ndi Estere atavala bwino, ndipo anandiitana ine kuti ndikhale mboni popeza ndine woyandikana nawo.

Pano pali kakhalidwe kathu kamene anthu a kuno samakamvetsa. Chinthu chogula kwa mlendo timachiyeza. Foni ya pa shopu timaiyatsa, galimoto ya mzungu timabwera ndi makaniko. Koma chogula kwa wakwanu sichiyezedwa. Kubwera ndi makaniko pa khomo la munthu amene anakusunga kuli ngati kununkhiza ndiwo kwa apongozi. Udindo umakhala pa wogulitsa. Iye ndiye amatchula zilema zonse, monga kumudzi wogulitsa ng'ombe kwa mbale amanena yekha kuti iyi imagunda. Tonse tinasiya abale kutali, ndiye kukhulupirirana kumeneku ndi kumene kunatsala ngati chuma chathu.

Kunena zoona, Che Shafii anayesa kuthawa. Anati galimotoyo yakalamba, Gregory nkumaona ngati ndi kudzichepetsa. Anati adikire apeze ina yabwinoko, Gregory nkuti yabwino kuposa imene waikwera zaka zonsezi ili kuti. Kenako, maso ali pansi, anati bwanji abwere ndi makaniko aione kaye.

"Ine ndiyeze inu, achimwene?" anatero Gregory. "Ndinagona pa mkeka wanu. Mungondiuza mmene imafunira kusamalidwa, basi."

Ndipo anamuuza. Anazungulira nayo baki yonse, kutchula chilema chimodzichimodzi. Chitseko cha kumanzere chimatseguka ndi kunja. Giya yobwerera m'mbuyo imafuna kunyengerera. Chopukutira mvula chimodzi chimagona. Tayala lapadera ndi lotha, hutala imalira ikafuna. Anatchula ngakhale kabowo ka pa mpando. Ine ndinaima pamenepo mtima uli mbee, nkumati anthu oona mtima chonchi akanali m'dziko muno. Pomaliza anaika dzanja pa boneti nati imakonda madzi, aziithira m'mawa uliwonse osaiwala. Anatsegula pakamwa ngati pali china, natsekanso. M'nyumba a Zakiyya anagwetsa chivindikiro cha poto. Anadzandiuza patapita nthawi kuti iwo ankadikira amuna awo anene, ndipo amuna awo ankadikira mwina akazi awo atsokomola. Palibe anatsokomola, ndipo Gregory anapereka ndalama ndi manja awiri.

Kagalimoto katsopano kanafika kotuwira, konunkhira ngati nsapato za m'bokosi. Mapulasitiki a pa mipando sanachotsedwe. Kudyeramo chimanga kunali koletsedwa, ndipo ine pokwera ndinkagogoda nsapato ngati ndikulowa m'chipatala. A Zakiyya anajambulitsa ataima pambali pake, chithunzi nkutumiza ku Namwera kwa mwana wawo Jamilah. Kankadzuka kamodzinkamodzi ngakhale m'nyengo yozizira, ndipo phiri kankakwera ngati kakutsika. Munthu wina aliyense akananenepa nako.

Che Shafii anayamba kuonda. M'mawa akamandiperekeza ku ntchito sankatulukira njira yachidule. Ankazungulira mbali ya kumadambo, kumene Gregory amakhala, kuti aone ngati baki yadzuka. Akaipeza ankatsitsa galasi nkufunsa ngati madzi athiridwa. Funsolo linalowa m'malo mwa moni, moti ana a m'njiramo akawaona ankakuwa kuti madzi mwathira. Makasitomala awo onse a m'mayadi anamupatsa Gregory, ndipo ine ndinawatama pa zimenezo. Sindinazindikire kuti onsewo anali a ku Fish Hoek, ku Noordhoek ndi ku Kommetjie, kosafuna kuwoloka phiri. Gregory analembetsa dzina lake pa chitseko ndi penti yobiriwira. Estere anayamba kuyenda mutu uli m'mwamba, ndipo zinkamukhala.

Tsiku lina masana Gregory anafika akuthamanga, Che Shafii akupukuta kagalimoto kawo. Anali atapeza ntchito yaikulu ku Tokai, mpanda wa nyumba zambiri, kukathira manyowa ndi kumatchetcha mwezi ndi mwezi. Ankayamba mawa lake, ndipo anabwera kudzauza iwo poyamba monga munthu amauzira kholo. Che Shafii anafunsa kuti adzera njira iti. Gregory anati ya phiri, kuti akafike mabwana asanadzuke. Eni ake anandiuza kuti mawu anafika mpaka pa mano. Koma kunena kuti usakwere phiri kukanabala funso lakuti chifukwa chiyani, ndipo yankho lake likanavundukula zonse. Ndiye anangoti njira ya kunyanja ndi yokongola. Gregory anaseka nati nyanja adzaiona Lamulungu.

Abiti Pirira anafera pafupi ndi pamwamba pa phiri, atasenza manyowa ndi makina otchetchera. Nthunzi inatuluka, injini inagogoda, kenako zii. Gregory anakhala pambali pa msewu theka la tsiku, anyani akumuyang'ana pa miyala. Ntchito ya ku Tokai anaipereka kwa ena. Baki inabwera pa chingwe, nkuimikidwa pambali pa nyumba, dzina lobiriwira lija likuonekabe pa chitseko. Sipanapite nthawi, Gregory anabwerera pa mphambano, ndipo akapeza ganyu ankakankha makina ake pa ngolo ya m'sitolo.

Chimene chinamudya kwambiri si umphawi ayi. M'mawa wa tsiku lija anali pa liwiro, ndipo sankakumbuka ngati anathira madzi kapena ayi. Anafunsa Estere, Estere anati sanaone. Kukayika kumeneko kunakula mpaka kunasanduka chigamulo: anaiwala, ndipo anapha galimoto ndi dzanja lake. Anayamba kuuza anthu kuti iye si munthu wosunga chinthu. Pa nyumba pawo panalowa kuyankhana mokhadzula, ndipo makoma a malata sabisa kanthu.

Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi ndinawaona akubwera, Gregory ali mu jekete, Estere atanyamula nkhuku yathadzi yofiira, yomangidwa miyendo. Anagwada pakhomo pa Che Shafii. Ine ndinali pa chingwe ndikuyanika zovala, ndipo makutu anga alibe chitseko.

"Tabwera kudzapepesa, achimwene," anatero Gregory. "Galimoto munaisunga zaka zonsezi osaivulaza. Ine mwandipatsa, miyezi yochepa ndaipha. Munandiuza za madzi tsiku ndi tsiku, koma sindinamve. Ndakuchititsani manyazi."

Che Shafii anayang'ana nkhuku ija. Nkhope yawo inachita ngati ya munthu amene wameza fupa. Ananena timawu tosamveka, takuti zinthu zimachitika, ndipo a Zakiyya analandira nkhuku ija maso ali kumbali. Ine ndinkaganiza kuti agwidwa ndi chisoni.

Tsono muyenera kudziwa kuti pa mzere wathu wonse wochinja nkhuku ndi Che Shafii. Ngakhale ife Akhristu timapita nazo kwa iwo, kuti tikaphika anansi athu Achisilamu adye nawo mosakayika. Mpeni wawo ndi wakuthwa, dzanja lawo silinjenjemera, amatchula dzina la Mulungu nkumaliza msanga. Koma nkhuku yofiira ija inawakanika. Tsiku loyamba anati akadali okhuta. Lachiwiri anati mpeni wabuntha. Tsiku lina anaigwira ndithu, naiponda mapiko, nayang'ana koyenera kuyang'ana, koma dzina la Mulungu linakana kutuluka pa nkhuku imeneyo. Anaimasula nkukasamba m'manja. Ya ine anachinja madzulo a tsiku lomwelo popanda vuto.

Nkhuku inakhala. Anaimanga ndi kachingwe pa mwendo pafupi ndi khomo, nkumadya zotsala, nkunenepa, nkuyamba kuikira mazira pansi pa kagalimoto katsopano. Mazirawo a Zakiyya ankapatsa ine, ndipo ndinkadabwa kuti chifundo chimenechi chachokera kuti. Che Shafii akamatuluka inkawayang'ana ndi diso limodzi, iwo nkulambalala.

Kenako anayamba kulipira mlandu mosautchula. M'mawa, nthawi imene anthu oitanitsa pa foni amachuluka, iwo ankakatenga Gregory ndi makina ake. Makina ankalowa kumbuyo, matumba a udzu pa mpando, fosholo pakati. Mapulasitiki aja anang'ambika, petulo wa makina anadontha pa kapeti, ndipo fungo la nsapato zatsopano linagonja kwa fungo la udzu wovunda. Okwera anayamba kudandaula, ena kutsika asanafike, pomwe banki sinaleke kubwera. Choipa kwambiri chinali chakuti Gregory ankathokoza. Ankauza aliyense kuti munthu amene anamuphera galimoto ndi amene akumunyamula, ndipo tsiku lina anakachitira umboni m'tchalitchi. Ine ndinakawauza Che Shafii zimenezo ndikuganiza kuti asangalala. Anayimitsa galimoto pambali pa msewu, manja ali pa chiwongolero.

Amene anadula nkhaniyi ndi a Zakiyya. Ndinawamva Loweruka lina m'mawa akusesa zitosi pakhomo.

"Bambo a Jamilah, nkhukuyi muichinje kapena muibweze. Ine ndatopa kudyetsa mlandu wanu."

Patapita kanthawi Che Shafii anagogoda kwa ine, nkhuku ili m'khwapa. Anati popeza ndinali mboni pogulitsa, ndikhalenso mboni lero. Galimoto anaisiya, tinayenda wapansi, ndipo m'njiramo anandiuza zonse: makaniko wa ku Ocean View, kabotolo, ogula awiri aja, oyilo watsopano, njira ya kunyanja. Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti anandiimika ngati chitsa pa bodza lawo, ndiponso kuti kufatsa kwina ndi mantha ovala mkanjo. Sanadziteteze. Anangoti ndanena zoona, ndipo zimenezo zinandilanda mawu ena amene ndinali nditawakonzera.

Tinapeza Gregory akunola chikwanje pa mwala, Estere akutsuka mbale. Che Shafii anakana mpando. Ananjuta pansi, naika nkhuku patsogolo pawo, nayamba kufotokoza osayang'ana munthu. Sanachotsepo kanthu. Anati galimoto inali itafa kale asanaigulitse, iwo ankadziwa, ndipo tsiku la ku Tokai ankadziwanso. Anati nkhukuyi si yawo, wopepesa anayenera kukhala iwo.

Gregory anasiya kunola. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo chikwanje chija ndinkachiyang'anitsitsa. Koma anafunsa funso limodzi lokha, motsitsa mawu.

"Ndiye kuti tsiku lija, ngakhale ndikanathira madzi?"

"Ngakhale mukanathira nyanja yonse, ikanafa ndithu."

Gregory anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anati miyezi yonseyi wakhala akudzitukwana, wakhala akulephera kuyang'ana mkazi wake m'maso, ndipo ankadzuka m'mawa nkumayesa kukumbuka botolo la madzi. Estere anapukuta manja, natola nkhuku ija, nalowa nayo m'nyumba, natseka chitseko. Palibe anatiuza kuti tizipita, koma tinadziwa tokha.

Che Shafii analonjeza injini ina, ndipo anasunga lonjezo. Anagwira ntchito ngati bulu, Lachisanu lokha nkumapuma masana, ndipo malata amene a Zakiyya ankafuna kukafolera nyumba ku Namwera anadikira chaka china. Anayendayenda kwa ophwasula magalimoto mpaka anapeza injini ya baki yamtundu womwewo imene inagundidwa kumbuyo. Anaimvetsera ikulira, anatsegula pothirira oyilo, ananunkhiza chala. Pa nthawi yonseyo Gregory ankawapatsa moni waulemu akakumana, koma kagalimoto katsopano sanakakwerenso. Anabwerera ku ngolo yake ya m'sitolo.

Injini inafika Loweruka pa baki ya hayala, ndipo ndinapita nawo chifukwa umboni wanga unali usanathe. Amuna anathandizana kuitsitsa, naikhazika pa matayala akale pafupi ndi Abiti Pirira. Che Shafii anali atavala malaya oyera, nkhope itamasuka koyamba pa miyezi yambiri. Anayamba kufotokoza kumene anaigula ndi zimene anaona, ndipo ulendo uno sanasiye kanthu.

Gregory anamvetsera mpaka anamaliza, nathokoza. Kenako anakodola munthu amene anakhala pa ndowa kuseri kwa nyumba, mkulu wina wa ovolosi yabuluu, bokosi la masipanala lili pa miyendo. Anati awa ndi a Safeli, makaniko wochokera ku Delft, ayambe aiona kaye.

Amuna amene anathandiza kutsitsa aja anayang'anizana, wina nkuyamba kufufuza kanthu m'thumba. A Safeli sankadziwa mbiri ya nkhaniyi. Anaika bokosi pansi, nayang'ana Che Shafii, naona chipewa ndi nkhope ya kwathu, nazengereza. Anafunsa Gregory chapansipansi ngati amene abweretsa injiniwa si abale ake, pakuti ngati ndi choncho iwo angoimanga basi.

"Ndi akwathu," anayankha Gregory. "Muiyang'ane bwinobwino."

Ndinawayang'ana Che Shafii. Anapinda manja a malaya oyera aja, nagwada mu fumbi pambali pa a Safeli, natsegula bokosi, nayamba kuwapatsira masipanala.